Landilodi sakukonza nyumba: mukamaitana a code enforcement dziwani izi kaye

Anthu ambiri amene amabwera kwa ine ndi nkhani za nyumba za lendi kuno ku America amakhala atapirira kale miyezi, siling'i ikudontha, makoswe akuchita mpikisano ku khitchini, hita yosayaka, ndipo chimene achitapo ndi kumuimbira landilodi foni basi. Iye amangoti mawa nditumiza munthu, mawa lakelo osafika. Nde ukawafunsa kuti umboni woti munamuuza uli kuti, zii. Musanapite kulikonse mulembereni kaye meseji kapena imelo, tchulani vutolo ndi deti, olo asayankhe zilibe kanthu bola zalembedwa.

Akapitiriza kukuzembani, mizinda ndi ma county ambiri ali ndi ofesi yoona ngati nyumba zikutsata malamulo. Malo ambiri amati code enforcement, kwina ntchitoyi ili m'manja mwa a zaumoyo kapena a zomangamanga, ku New York City ndi a HPD, dipatimenti ya mzindawo yoona za nyumba. M'mizinda yambiri ikuluikulu mumangoimba 311 kapena kulemba dandaulo pa webusaiti ya mzinda, akupatsani nambala ya dandaulolo, isungeni bwino chifukwa muzayifuna.

Tsono mvetsani apa. Inspekitala amene ofesiyi imatumiza mukadandaula amalemba zimene waona ndi maso ake tsiku lomwe wabweralo, sabwera kuzamva mbiri ya mmene mwavutikira chaka chonse. Koma pali anthu ena, mwina ndi manyazi kaya, akamva kuti kukubwera munthu wa boma amadzuka m'mamawa kukolopa, kupukuta chuku chonse pakhoma, kuchotsa ndowa yomwe amakhongozera madzi odontha, mpaka kupopera zonunkhiritsa. Munthu uja akafika akupeza nyumba ili mbee, alemba chani? Chukucho chisiyeni achione, ndowa ikhale pomwepo ndi madzi ake, kabati yovunda ya pansi pa sinki itseguleni nokha mumuonetse, sunthani chitofu aone zitosi za makoswe kuseriko. Ndipo mukhalepo pakhomo tsiku limenelo kapena musiye munthu wamkulu, chifukwa akagogoda osayankhidwa dandaulo limatha kutsekedwa chabe poti sanathe kulowa, nde muyambirenso pachiyambi.

Ngakhale polemba dandaulolo musamangoti nyumbayi ndi yoipa. Nenani kuti paipi ya pansi pa sinki ikudontha kuyambira November, khoma la chipinda chogona ana lili ndi chuku chakuda kuchokera pansi mpaka pa windo, soketi ya ku bafa ikuthetheka moto. Jambulani zithunzi ndi mavidiyo. Nkhani ikakhala ya kuzizira gulani ka thermometer kotchipa muzikajambula m'mawa ndi usiku, chifukwa lamulo limayendera manambala. Mwachitsanzo ku New York City kuyambira 1 October mpaka 31 May, masana kunja kukatsika pansi pa 55°F mkati mukuyenera kukhala 68°F, ndi 20°C imeneyo, usiku 62°F, ndipo madzi otentha akuyenera kufika 120°F chaka chonse. Mizinda ina ili ndi manambala osiyana ndi awa, funsani a kwanuko.

Akapeza zolakwika amamulembera mwini nyumba notisi ndi kumupatsa masiku oti akonze. Ku New York komweko amazigawa patatu, class A ndi zazing'ono masiku 90, class B zoopsa masiku 30, class C zoopsa kwambiri zambiri mwa izo maola 24 okha. Akapanda kukonza pamabwera faini, pena nkhani imafika ku khoti. Koma inspekitala sakubwezerani ndalama za matiresi omwe ananyowa, sakutsitsirani lendi, zimenezo ndi za khoti, iye chomwe wakupatsani ndi pepala la boma lonena kuti vuto lilipodi, ndipo pepala limenelo jaji amalimvera kuposa pakamwa panu.

Nde chonde, musangosiya kulipira lendi chifukwa chokwiya. N'zoona kuti kuyambira pa mlandu wa Javins v. First National Realty mu 1970 ku Washington, D.C., makhoti a ma state ambiri amavomereza kuti wochititsa lendi ali ndi udindo wosunga nyumba ili yokhalika olo pa lease sanalembepo. Koma njira yake imasiyana, kwina mumayenera kukasiya ndalamazo ku khoti, kwina mumakonzetsa nokha n'kudula pa lendi mutapereka notisi kaye, ndipo mukaphonya sitepe imodzi landilodi amakusumirani kuti simukulipira, chuku chija osatchulidwanso. Pitani kaye ku legal aid ya kwanuko, ambiri amathandiza ulere anthu opeza zochepa.

Mantha aakulu omwe ndimamva ndi oti akadziwa kuti ndine ndamuneneza andithamangitsa. Kudziwa adziwa ndithu, tisanamizane, olo mubise dzina notisi itchula nambala ya apatimenti yanu. Koma kubwezera kotere ndi koletsedwa m'ma state ambiri. Mu 1965 mayi wina, Yvonne Edwards, anakadandaula za nyumba yomwe amachita lendi ku Washington, ma inspekitala anapeza zolakwika zoposa 40, landilodi wake Nathan Habib n'kumupatsa masiku 30 kuti atuluke. Mu 1968 khoti la apilo linagamula kuti munthu sungamutulutse m'nyumba chifukwa choti wakaneneza ku boma. Lero ku New York landilodi akafuna kukutulutsani pasanathe chaka mutadandaula, khoti limayamba ndi kuganiza kuti akubwezera, iyeyo ndi amene aonetse chifukwa china. Ku California chitetezo chake ndi masiku 180, komanso kumeneko lamulo limamuletsa kukuopsezani kuti akakunenezani kwa a immigration.

Pali chimodzi chimene ndimawachenjeza anthu ndipo ambiri sakondwa nacho. Ngati mukukhala mu basement kapena chipinda chomwe mwini wake anangodula popanda chilolezo, chopanda windo lothawira moto ukabuka, inspekitala akhoza kulamula kuti musamuke, nthawi zina tsiku lomwelo. Sindikuti mukhale chete, malo ngati amenewo amapha anthu, koma lankhulani ndi loya kaye mudziwe kogona zikatero. Pomwe mukamva fungo la gasi kapena alamu ya mpweya wa poizoni wa carbon monoxide ikalira, za 311 ziiwaleni, tulukani panja muimbe 911. Ndipo ngati nyumbayo inamangidwa chisanafike chaka cha 1978, penti ikusupuka ndipo muli ndi mwana wamng'ono, tchulani zimenezi podandaula chifukwa penti yakaleyo imatha kukhala ndi mtovu womwe umaononga ubongo wa ana.

Masiku omwe landilodi anapatsidwa kuti akonze aja akatha musaganize kuti wina abwera yekha kuzaona. Ku New York landilodi amatha kungosayina fomu kuti wakonza, inu n'kulandira kalata, nde ngati wangopaka penti pamwamba pa chuku paipi ikadali kudontha, imbaninso ndi nambala ya dandaulo ija mupemphe kuti abwerenso. Zikakanikabe mukhoza kumusumira nokha ku Housing Court, khoti loona za nyumba, mlandu wake amautcha HP action, kuti jaji amulamule kukonza.