Mr Bean si wozerezeka ayi

M'nyumba zoonetsera mavidiyo pa Kasungu, anthu akhala akunena kwa zaka zambiri kuti Mr Bean ndi wozerezeka, ena amati anabadwa wosalankhula. Zimandiwawa, chifukwa kumeneko n'kupeputsa luso lalikulu.

Dzina lake lenileni ndi Rowan Atkinson, anabadwira ku England mu 1955. Anaphunzira uinjiniya wa zamagetsi ku yunivesite ya Newcastle, digiri yachiwiri n'kukatengera ku Oxford. Kupusa kuja ndi sewero chabe, lomwe linayamba kuonetsedwa pa kanema mu 1990. Amaseketsa ndi nkhope ndi thupi, n'chifukwa chake ngakhale agogo a kwa Chulu amafa nazo ndi phwete osamva Chingerezi.

Mukamuonere mu Johnny English ya 2003, amalankhula bwinobwino. Mawu a mbalame ija Zazu mu The Lion King ya 1994 ndi akenso.