Obadwa ndi HIV akukula ndipo akubereka

Uthenga wina umabwerabwera m'magulu a WhatsApp kuno ku Chipata, wonena kuti wobadwa ndi kachilombo ka HIV safika zaka 30, ndiponso kuti ana ake onse adzabadwa nako. Zimenezi n'zabodza.

Munthu akamamwa ma ARV mosadumphitsa, kachilombo kamachepa mpaka sikaonekanso poyeza magazi, ndipo zikatero sapatsira mnzake pogonana; mayi wotero nthawi zambiri amabereka mwana wopanda kachilombo. Chofunika kusamala n'chakuti amene wamwa mankhwala kuyambira ubwana aziyezetsa impso ndi kuthamanga kwa magazi, chifukwa mankhwala ena monga tenofovir amatha kuvutitsa impso.

Uthenga wosatchula komwe wachokera muuonetse kwa anamwino a ku kiliniki ya ART (komwe anthu amalandira ma ARV), ngakhale ku Chipata Central Hospital. Chonde musautumize kwa ena.