Asilikali athu pa njanji ya Nacala: kunali kofunika kupita?

Chiphedwere asilikali athu atatu kum'mawa kwa DRC mu Januwale 2025, pamene zigawenga za M23 zinkalowera ku Goma, funso limodzi silikuchoka pakamwa kuno ku Salima: ana athu akukafera chiyani pankhondo ya eni? Limatiwawa chifukwa usilikaliwo amauphunzira pomwe pano pa MAFCO. Komatu aka sikanali koyamba. Nkhondo yapachiweniweni ya ku Mozambique tidailowa ndi mapazi onse awiri.

Renamo, gulu la zigawenga loleredwa ndi Rhodesia kenako South Africa, idalimbana ndi boma la Frelimo kuyambira 1977. Pofika 1984 njanji za ku Beira ndi ku Nacala zinali zitaduka. Sitima yomwe idayamba kufika pa siteshoni ya Salima mu 1935 idasowa njira ya kunyanja yamchere, ndipo feteleza ndi mafuta zinkazungulira ku Durban pamtengo woboola m'thumba.

Zinthu zidatembenuka m'miyezi inayi yomaliza ya 1986. Mu Seputembala, Samora Machel, Kenneth Kaunda ndi Robert Mugabe adabwera ku Blantyre kudzamuuza Kamuzu pamaso kuti Renamo ikubisala ndi kudyera m'Malawi. Boma lathu lidakanitsitsa. Machel atabwerera kwawo adaopseza kuti atseka malire ndi kutchera mizinga yoloza kuno. Posakhalitsa Renamo idasefukira m'zigawo za Zambezia ndi Tete, ndipo a ku Maputo adati zigawengazo zatulukira kwathu. Pa 19 Okutobala ndege ya Machel idagwa ku Mbuzini, m'dziko la South Africa, iye n'kufera pomwepo. Boma la azungu ku Pretoria lidaonetsa zikalata zomwe lidati lazitola pangoziyo, zonena kuti Mozambique ndi Zimbabwe zinkakonza zogwetsa Kamuzu. Zikalata zimenezo ndi zozilandira mosamala, pakuti wozionetsayo ndi yemwe ankadyetsa Renamo. Mu Disembala maiko awiriwa adasainirana pangano la chitetezo, ndipo mu 1987 asilikali athu adaoloka pa Nayuchi.

Ntchito yawo inali yolondera njanji, kuperekeza sitima ndi kuteteza amisiri okonza milatho. Usiku zigawenga zizula njanji kapena kukwirira mabomba, m'mawa anyamata athu ayambirenso. Ena adafera komweko, ndipo m'nthawi ya chipani chimodzi maliro otere sankakambidwa poyera.

Oikira kumbuyo ulendowo ali ndi mfundo yolemera. Njanjiyo inali m'mero wa dziko, ndipo othawa nkhondo zikwizikwi anali kale m'midzi yathu kuyambira ku Nsanje mpaka ku Dedza. Moto unali utagwira kale tsindwi lathu. Zimbabwe inkalondera njira ya ku Beira, Tanzania nayo idatumiza asilikali. Apa m'pamene Nacala ikusiyana ndi Goma: msilikali wa mu 1987 ankadziwa kuti njanji yomwe akulonderayo ndiyo njira ya feteleza wa makolo ake.

Chondivuta n'chakuti mbali ina ya vutolo tidaiweta tokha. Kamuzu ankadyera kuwiri, ku Pretoria ndi ku Maputo, ndipo wolipira anali mnyamata wa pa Nayuchi. Nkhondoyo sidathe ndi mfuti. Idathera pa pangano la ku Rome pa 4 Okutobala 1992, ndipo asilikali athu adabwerako mu 1993. Disembala wa chaka chomwecho, asilikali atathyola makampu a Malawi Young Pioneers pa Operation Bwezani, apayoniya ambiri adathawira ku Mozambique, kumadera a Renamo.