Ulemu kwa a Latino Pantchito Suthera pa Phwando

Chaka chilichonse, kuyambira pa 15 Seputembala mpaka pa 15 Okutobala, makampani ambiri ku America amakumbukira chikhalidwe ndi ntchito za anthu amene kwawo kapena kwa makolo awo ndi ku Mexico, Puerto Rico, Cuba, Guatemala ndi mayiko ena a chigawo chimenecho. Kumeneko amawatchula kuti a Hispanic kapena a Latino. Mwambowu unayamba mu 1968, nthawi ya Pulezidenti Lyndon Johnson, ndipo unali wa sabata imodzi. Mu 1988 Ronald Reagan anasayina lamulo loufikitsa pa mwezi wathunthu. Umayambira pakati pa mwezi chifukwa 15 Seputembala ndi tsiku la ufulu wa Costa Rica, El Salvador, Guatemala, Honduras ndi Nicaragua, ndipo mawa lake ndi la Mexico.

Anthuwa si ochepa. Kalembera wa 2020 anapeza kuti alipo oposa 62 miliyoni, pafupifupi munthu mmodzi mwa asanu alionse m'dzikomo.

Monga munthu woona za antchito, phwandolo sinditsutsana nalo. Anthu aphike zakwawo, nyimbo zilire, ana amve za Ellen Ochoa, mayi wachi Latino amene anapita m'mlengalenga mu 1993 ndipo pambuyo pake anatsogolera Johnson Space Center, malo a boma oyang'anira maulendo a anthu opita m'mlengalenga. Nkhawa yanga ndi yakuti mabwana ambiri amaimira pomwepo, pamene mbiri ya anthuwa pantchito ndi ya thukuta.

Taganizirani za khasu limene ankalimira m'minda ya letesi ku California. Mpini wake unali waufupi kwambiri moti munthu ankakhala chiweramire kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Akapitawo ankalikonda chifukwa chakuti wina akangoweramuka kuti awongole msana, ankaonekera patali kuti wasiya kulima. Anthu ambiri misana inatheratu asanakalambe. Panafunika mlandu kukhoti komanso khama la bungwe la olima aganyu, limene Dolores Huerta ndi Cesar Chavez anayambitsa mu 1962, kuti khasulo liletsedwe mu 1975.

Ambiri mwa amene analigwira khasulo anabwera pa pangano la Bracero, lolola amuna a ku Mexico kudzagwira ntchito ku America kwa kanthawi, limene linayenda kuyambira 1942 mpaka 1964. Makontirakiti oposa 4.5 miliyoni anasayinidwa. Pamalire amunawo ankawavula n'kuwapopera mankhwala ophera tizilombo a DDT. M'zaka zoyambirira, gawo limodzi mwa magawo khumi a malipiro awo linkadulidwa, akuti akalilandira akabwerera ku Mexico, koma ambiri sanazione ndalamazo. Aliyense amene agogo ake anapita ku Wenela kapena ku Theba, n'kumadikira ndalama za kumigodi mpaka imvi, nkhani imeneyi sakuimva koyamba.

Wina anganene kuti zimenezo n'zakale. Pa 26 Marichi 2024, usiku, sitima yapamadzi yonyamula katundu yotchedwa Dali inagunda mlatho wa Francis Scott Key ku Baltimore, ndipo mlathowo unagwa. Anthu sikisi amene anamwalira anali amuna okwirira maenje a mumsewu pamlathopo pamene mzinda unali mtulo. Kwawo kunali ku Mexico, Guatemala, Honduras ndi El Salvador. Ziwerengero za boma zimasonyeza kuti a Latino amafera pantchito pa mlingo woposa wa antchito onse akawaphatikiza, makamaka chifukwa achuluka pa ntchito zomangamanga ndi zakumunda, kumene kugwa kuchokera padenga ndi kutentha kwa dzuwa kumapha anthu.

Ndiye bwana amene akufunadi kuwalemekeza ayambire pa buku la malipiro. Ku America, mayi wachi Latino amalandira kungopitirira pang'ono theka la zimene mwamuna wachizungu amalandira pachaka. Kusiyana kwina kumabwera ndi mtundu wa ntchito, inde, koma pamenepo m'pamene pali funso lina: amene akhala zaka zambiri akunyamula njerwa, ndi angati akwezedwa kukhala akapitawo?

Kenako chilankhulo. Malamulo a OSHA, bungwe la boma loona za chitetezo pantchito, amafuna kuti maphunziro a chitetezo aziperekedwa m'chilankhulo chimene wantchito akumva. Kumupatsa pepala la Chingerezi kuti asayine sikumuphunzitsa kumanga lamba asanakwere makwerero. Ndipo si onse amene Chisipanishi ndi chilankhulo chawo choyamba. Ena ochokera kumapiri a ku Guatemala amalankhula K'iche' kapena Mam, ena a ku Oaxaca, ku Mexico, amalankhula Mixtec, ndipo a ku Brazil n'Chipwitikizi. Lamulo la kampani loletsa anthu kulankhula chakwawo ngakhale pa nthawi yopuma, bungwe la boma lolimbana ndi tsankho pantchito la EEOC limaliona ngati tsankho loletsedwa ndi lamulo la Civil Rights Act la 1964.

Chinthu china chaching'ono chimene ndimachiona kuti n'chofunika ndi ichi. Kalaliki wodziwa zilankhulo ziwiri amaitanidwa pafupipafupi kuti akamasulire kasitomala kapena msonkhano, ntchito yakeyake n'kumamudikira pa tebulo. Ukafika Seputembala, ndi yemweyonso amene amauzidwa kuti akonze phwando. Kumasulira ndi luso, ndipo kukonza mwambo ndi ntchito. Zonse ziwirizi zilembedwe mu kontirakiti yake, zipatsidwe nthawi yake, ndipo zioneke pa malipiro a mwezi umenewo.