Mkaka "ukachepa", yambani mwaona mmene khanda lagwirira bere

Amayi ambiri amene amayamba kupatsa khanda madzi kapena mkaka wa m'chitini m'masabata oyambirira amapereka chifukwa chimodzi: mkaka sukukwana. Kawirikawiri mkakawo umakhala ulipo, kungoti mwana sakuutulutsa bwino.

Bere limapanga mkaka molingana ndi umene watuluka. Ukatsalira m'kati, thupi limachepetsa kupanga. N'chifukwa chake botolo lomwe mwamupatsa lero kuti akhute limachepetsa mkaka wa mawa, ndipo mawalo mudzafunanso botolo lina.

Masiku awiri kapena atatu oyamba kumatuluka mkaka wachikasu, wokhuthala, madontho chabe. Musaufinyire pansi, ndi umene umateteza khanda ku matenda. Pa tsiku loyamba kamimba kake kamangolowa mamililita 5 mpaka 7, kuposa pang'ono supuni yaing'ono, choncho madonthowo amakwana. Mkaka woyera umayamba kuchuluka cha pa tsiku lachitatu kapena lachinayi.

Nkhani yaikulu ili pa kagwiridwe ka bere. Mwana sayamwa nsonga yokha, amayenera kulowetsa m'kamwa gawo lalikulu la malo akuda ozungulira nsongayo. Mufungatireni mimba yake itagunda yanu, mutu ndi thupi zili mowongoka, osati khosi lopotoka. Nsonga ya bere iyang'anizane ndi mphuno yake. Mukhudzeni nayo pa mlomo wam'mwamba, dikirani ayasamule kwambiri, kenako mubweretseni msanga ku bere. Inu musawerame kumutsatira. Akagwira bwino, chibwano chimagunda bere, mlomo wam'munsi umapindikira kunja, masaya amakhala odzaza, ndipo malo akuda aja amaoneka kwambiri pamwamba pa kamwa kusiyana ndi pansi. Amayamwa mwachifatse, n'kupumira, ndipo mumamva akumeza.

Ngati zikupweteka nthawi yonse imene akuyamwa, kapena nsonga ikutuluka yophwatalala ngati yatsinidwa, sanagwire bwino. Musapirire, zilonda za pa nsonga zimayamba choncho. Lowetsani chala choyera m'mbali mwa kamwa kuti asiye, muyambirenso. Kumuzula pa bere kumang'amba khungu.

Muyamwitseni maulendo 8 mpaka 12 pa maola 24, usiku womwe. Musadikire alire, chifukwa khanda lolira limavuta kugwiritsa bere. Akayamba kutembenuza mutu, kutsegula pakamwa kapena kuyamwa zala, nthawi yakwana. Amalize bere limodzi musanamupatse linalo, pakuti mkaka wakumapeto ndi umene uli ndi mafuta ambiri.

Kufewa kwa mabere kapena kulira kwa madzulo si umboni woti mkaka wachepa. Werengani matewera. Kuyambira tsiku lachisanu anyowetse osachepera 6 pa tsiku, mkodzo wake woyera, ndipo chimbudzi chikhale chitasintha kuchoka chakuda kufika chachikasu. Kutsika pang'ono pa sikelo m'masiku oyamba n'kwachibadwa, koma pofika masabata awiri azikhala atabwerera pa kulemera komwe anabadwa nako.

Pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo ngati akulephera kuyamwa, ali lefu ndipo akuvuta kudzutsa, watentha thupi, kapena maso ndi khungu zasanduka zachikasu. Nanunso mukaona mbali ya bere yatupa, ikuwawa, yatentha ndipo mukumva kuzizidwa, kaonaneni ndi azaumoyo, koma musasiye kuyamwitsa bere lomwelo, chifukwa mkaka ukakhazikika kutupako kumakula.