Bere lilipo, koma m'mbale ya mwana wa Chichepang muli chiyani?

A Chepang ndi mtundu wa anthu a m'mapiri a Mahabharat ku Nepal, makamaka m'maboma a Chitwan, Makwanpur, Dhading ndi Gorkha. Kalembera wa 2011 anawapeza 68,399. Amalima chimanga ndi mawere m'minda yotsetsereka, ndipo m'mabanja ambiri nkhokwe imauma chaka chisanathe. Akatero amalowa m'nkhalango kukakumba zilazi zam'tchire monga githa ndi bhyakur, ndi kuthyola masamba oyabwa otchedwa sisnu. Githa ndi wowawa: amayamba amuphika n'kumuviika m'madzi kuti adyeke.

Ife a zakadyedwe timalangiza kuti khanda liyamwe mu ola loyamba, liyamwe mwakathithi miyezi 6 popanda ngakhale madzi, kenaka lipitirize bere mpaka zaka ziwiri kapena kupitirira. Amayi a ku Nepal kuyamwitsa nthawi yaitali sachita kuuzidwa. Chodetsa nkhawa ndi kuyamwitsa mwakathithi, komwe m'dziko lonselo kunatsika kuchoka pa 66 peresenti mu 2016 kufika pa 56 peresenti mu 2022. Mayi amene wapita kutali kukakumba zilazi amasiya khanda ndi agogo, ndipo likamalira agogowo sangangoliyang'ana, amalipatsa chilichonse chili pafupi. Sindingawadzudzule.

Koma pomwe ana ambiri amagwera mpoyambira miyezi 6. Apa bere palokha silikwanitsanso, makamaka pa ayironi, yemwe amathandiza thupi kupanga magazi. Kamimba ka mwana wa msinkhu umenewu kamadzadza ndi chakudya chosakwana kapu imodzi. Mukakadzadzitsa ndi phala lamadzimadzi la chimanga chokhachokha, mwana akhuta, agona, mayi n'kumati zili bwino, chonsecho thupi silinapeze zomangira. Kupinimbira kumayamba choncho, popanda kulira kapena kutentha thupi, ndipo mwana akadutsa zaka ziwiri n'kovuta kubweza. Phala labwino ndi lomwe mukapendeketsa supuni silithamangira kutsika. Mwana wa miyezi 6 mpaka 8 adye kawiri kapena katatu patsiku. Akapitirira apo, katatu kapena kanayi.

Chondilimbitsa mtima n'chakuti zina zofunikazo zili pakhomo pomwepo. A Chepang ali ndi mtengo wa chiuri womwe mbewu zake amayenga mafuta, mtengo wamtengo wapatali moti mwana wamkazi akamakwatiwa makolo amampatsa. Mafuta pang'ono m'phala amawonjezera mphamvu popanda kudzadza kamimba. Sisnu akapsa kuyabwa kumatha, ndipo atapotedwa bwino mwana atha kudya. Palinso sarbottam pitho, ufa wa nyemba kapena soya wosakaniza ndi chimanga ndi tirigu, zonse zokazinga zisanagayidwe. Ife tingaufanizire ndi Likuni Phala. Dzira limodzi la nkhuku yapakhomo likalowa m'mbale ya mwana m'malo mopita kumsika, lachita ntchito yaikulu.

Dziko la Nepal lachepetsa kupinimbira kuchoka pa 57 peresenti mu 1996 kufika pa 25 peresenti mu 2022, mothandizidwa ndi amayi odzipereka a zaumoyo omwe akhala akuyenda m'midzi kuyambira 1988. Komabe chiwerengero cha dziko lonse chimabisa midzi ya pamwamba pa phiri, kumene chipatala chili kutali ndipo mabanja ambiri alibe zikalata za minda yomwe amalima. Kumeneko uphungu upite limodzi ndi mbewu za nyemba, nkhuku zoweta, ndi sikelo yofika kumudzi mwezi uliwonse.