Musanaike malo a ndemanga pa tsamba lanu la intaneti

Makasitomala akandipempha kuti ndiwaikire malo oti anthu azilembapo ndemanga pansi pa nkhani kapena pansi pa katundu amene akugulitsa, ambiri amaganiza kuti ndi ntchito ya mphindi zochepa, ndipo kumbali ina sakulakwitsa. Pali timapulogalamu tokonzedwa kale, totchedwa plugin, timene timamangiriridwa ku pulogalamu yaikulu ngati ngolo kumbuyo kwa thalakitala. WordPress, pulogalamu yopangira masamba a intaneti, inayamba kulandira ma plugin mu 2004, patangotha chaka chimodzi itakhazikitsidwa, ndipo amene amamanga masamba ndi mapulogalamu ena monga Ruby on Rails kapena Django nawonso ali ndi zawo zoterezi.

Ntchito ya plugin ya ndemanga si yovuta kuimvetsa. Imatsegula tebulo latsopano mu database, nkhokwe imene tsamba limasungiramo zinthu zake, ndipo mzere uliwonse umasunga dzina la wolemba, mawu ake, nthawi imene walemba, nambala ya nkhani imene akuiyankha, komanso nambala ya ndemanga ina ngati akuyankha mnzake. Nambala yomalizayi ndi imene imachititsa kuti mayankho aoneke atandandalikana pansi pa ndemanga yoyamba.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi china. Bokosi la ndemanga ndi malo amene mlendo aliyense, ngakhale amene simudzamuona maso, amaloledwa kulemba m'kati mwa tsamba lanu, ndipo si onse amene amalembamo mawu okhaokha. Wina amalembamo khodi ya JavaScript, kutanthauza malamulo ouza kompyuta zochita, ndipo ngati plugin siyeretsa zolembedwazo isanazionetse, khodiyo imagwira ntchito pa foni kapena kompyuta ya aliyense wowerenga, mpaka kutha kuba chilolezo chake cholowera. Mu 2005, mnyamata wina dzina lake Samy Kamkar anadutsira pa mpata wa mtundu umenewu pa tsamba lochezerapo la MySpace, ndipo tsiku limodzi lisanathe, khodi yake inali itafika pa maakaunti oposa miliyoni imodzi. Chifukwa cha ichi, ndikangoika plugin yatsopano, ndemanga yoyamba ndimalemba ndekha, ndipo ndimaikamo kakhodi kongotsegula kabokosi kachenjezo. Kabokosiko kakangotulukira pa sikirini, plugin imeneyo ndimaichotsa tsiku lomwelo, ngakhale ikhale yokongola bwanji.

Palinso ma robot a pa intaneti amene amadzaza bokosilo ndi malonda a juga ndi mankhwala usiku umodzi wokha. Plugin yotchedwa Akismet, imene inatuluka mu 2005, imasefa zambiri mwa izi, koma ndimalangizabe kuti ndemanga ya munthu watsopano iziyamba yaonedwa ndi mwini tsamba isanaonekere kwa onse.

Funso limene ndimafunsa mobwerezabwereza ndi lakuti ndemangazo zizikhala kuti. Disqus, kampani yopereka malo a ndemanga imene inayamba mu 2007, imazisunga pa maseva (makompyuta osungira zinthu) ake, zimene zimakupeputsirani ntchito, koma maimelo a owerenga anu amakhala m'manja mwa kampani ina. Mu 2017 kampaniyi inavomereza kuti zambiri za maakaunti 17.5 miliyoni zinabedwa mu 2012. Mukasunga nokha, katundu yense wosamalira plugin ndi kuikonza nthawi ndi nthawi amagwera inu, ndipo nkofunika kuyang'ana tsiku limene eni ake anaikonza komaliza musanaiike, chifukwa ngakhale Django inachotsa gawo lake la ndemanga m'pulogalamu yaikulu mu 2015, ndipo amene ankalidalira anayenera kusamukira ku phukusi lapadera.